Loboti yatsegula maoda anayi m'malo mwa imodzi, vuto ndi broker kapena ine?

Kadzidzi88:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira kuyambira m'mawa. Ndili ndi loboti yogula ndi kugulitsa ndalama zakunja payokha yomwe ndinalemba ndekha pa MT5, pulogalamu ya malonda ya MetaTrader 5, pa demo, akaunti yoyeserera yopanda ndalama zenizeni, yayenda miyezi itatu osandivuta ngakhale kamodzi, ndiye sabata yathayi ndinati basi ndiyike pa akaunti yeniyeni. Imachita EURUSD yokha, yuro ndi dola, kukula kwa oda ndi lot 0.20, oda imodzi pa nthawi, ikalowa imaika stop loss, malire otsekera oda ikamaluza, ya ma pip 25, pip ndi kagawo kakang'ono ka kusuntha kwa mtengo. Dzulo ndinagona zonse zili bho. M'mawa ndikutsegula foni ndikupeza ma buy atatu ali otsegula, onse a 0.20, onse opanda stop loss, ndipo mu history muli wachinayi yemwe anatsekedwa kale ndi stop loss yake. Onse anayi analowa motsatizana mkati mwa mphindi imodzi. Mtengo unali utatsika ma pip 60, ndinatseka pamanja uku chala chikunjenjemera, zonse pamodzi madola 410 apita, pamene pa malamulo anga ndimayenera kuluza 50 basi. Ndayang'ana mu log, pali nambala 10012 katatu, ya timeout yoti nthawi yodikira yatha, kenako 10009 kamodzi, yoti oda yatheka. Ndiye funso langa ndi ili, ngati seva ya broker, kampani yomwe ndimachitirako malonda, inandiuza katatu konse kuti oda sinatheke, inatsegula bwanji? Ndawalembera a support, andiyankha kuti tikufufuza, mpaka pano zii. Kodi ndili ndi mlandu woti ndingawine kapena ndingopukuta misozi?

Nyalugwe_fx:
Aaa amwene akuberani basi, palibe chofufuza apa. Anthu amenewa amadziwa loboti ikayamba kudya, amachedwetsa seva dala. Pa demo zonse zimathamanga chifukwa palibe ndalama yawo ikutuluka, mukangoika zenizeni ndiye ma timeout aja amayamba kumera. Chotsani zotsalazo lero lomwe musake wina, dzina lake tiuzeni ku inbox tisagwemonso ife.

Mlonda_wa_Seva:
Pepani a Kadzidzi, zimawawa zimenezo. Tisanayambe kumanga broker, tatiuzani loboti yanu imatani ikalandira yankho lina lililonse lomwe si 10009. Komanso inali nthawi yanji pa wotchi ya seva, osati ya foni yanu.

Kadzidzi88:
Ikalandira china chosakhala 10009 imadikira masekondi awiri n'kutumizanso, mpaka kasanu. Ndinaika choncho chifukwa cha ma requote, 10004 ija yoti mtengo wasintha, inkandiphonyetsa mipata yabwino. Ikapeza 10009 imatenga tiketi ya oda imeneyo n'kuikira stop loss. Nthawi yake pa seva inali 00:01, kandulo ya tsiku latsopano pa tchati cha mitengo itangotsegula, poti siginolo yanga imawerengedwa kandulo ya dzulo ikatseka.

Mlonda_wa_Seva:
Ndiye vuto mwalitchula nokha achimwene, ndipo musadandaule, aliyense wolemba maloboti anagwapo m'dzenje limeneli. 10012 sikutanthauza kuti oda yakanidwa. Ikutanthauza kuti pulogalamu yanu yadikira yankho mpaka yatopa, basi. Zomwe zachitika uko ku seva siikuzidziwa. Pali njira zitatu zomwe zingachitike, oda inatayika panjira isanafike, kapena inafika n'kukhala pamzere, kapena inafika n'kuchitidwa koma yankho ndi lomwe silinabwerere. Kumbali yanu zonse zitatu zimaoneka chimodzimodzi, chete. Inu code yanu inaganiza kuti chete ndi ayi. Tayerekezani mwatuma mwana kukagula chinthu, mwadikira osabwera, mwatumanso wina, kenako wina, madzulo onse anayi akufika aliyense atanyamula. Wogulitsa walakwa chani pamenepo?

Nkhani ya stop loss nayonso ikumveka. Atatu oyamba aja loboti sinalandire matiketi awo, ndiye kwa iyo kunalibe, inasamala wachinayi yekha yemwe inamuona ndi maso.

Mayankho a seva musawaike m'thumba limodzi. Pali okana momveka, monga 10004 mtengo wasintha, 10016 stop loss ili posayenera, 10014 lot yolakwika, 10018 msika watseka, amenewa mukudziwa kuti palibe chatsegulidwa, ndipo mwa onsewa 10004 yekha ndi amene kutumizanso kuli ndi nzeru, enawo mungatumize kakhumi akukanani kakhumi. Ndiye pali osadziwika, 10012 ndi 10031 ya kuduka kwa netiweki. Pa amenewa loboti iime kaye, isatumize kanthu, ifunse seva kuti pa akaunti panga pali chiyani pompano, ione ma position otsegula, ione maoda odikira, ione history ya mphindi zapitazi, ikapeza chokhala ndi magic number yake ndiye kuti zinatheka, ingochitenga n'kuchisamala.

Nyalugwe_fx:
Mkulu mukuwaikira kumbuyo anthuwa. Chabwino code ili ndi vuto, koma n'chifukwa chiyani seva inakhala chete katatu konse? Timalipira spread, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndi komishoni kuti seva iziyankha, si zachifundo izi. Ine ndikachedwa kuika margin, ndalama ya chikole ija, sandidikira ngakhale sekondi imodzi, amanditsekera pompo, koma iwo akachedwa akuti tikufufuza kkkk.

Agogo_a_MT4:
A Nyalugwe mkwiyo wanu ndikuumva ndipo mbali ina mukunena zoona, seva yabwino siyenera kugona choncho. Koma tawerengani pangano lomwe munadina kuti ndavomera muja, pafupifupi onse amalemba kuti kuchedwa kwa makina ndi netiweki si mlandu wawo. Ndiye a Kadzidzi akhoza kudandaula, mwina angawabwezereko kenakake mwaulemu, koma maoda anayi aja anatumizadi okha, log yawo yomwe ndi mboni yowatsutsa.

Ine ndinayamba zimenezi pa MT4, mkulu wake wa MT5, yomwe inatuluka 2005, MT5 yabwera 2010 ine ndili kale ndi zipsera. Kumeneko nambala yake ya vuto lomweli ndi 128, ndipo malangizo a MQL4, chinenero cholembera maloboti a MT4, amanena poyera kuti ukailandira usabwereze msanga, udikire mphindi yathunthu ndipo uyambe watsimikiza kuti malondawo sanachitikedi. Zinalembedwa kalekale koma ndani amawerenga, tonse timathamangira ku gawo la ma indicator poti ndi komwe kuli maloto. Masiku amenewo tinkalimbananso ndi 146, maloboti awiri akafuna kutumiza nthawi imodzi wina ankauzidwa kuti njira yatanganidwa, ndiye tinkapanga kachizindikiro mu global variable, malo osungira nambala omwe maloboti onse amaona, kuti wina akalowa mnzake adikire pakhomo. 130 ya stop loss yolakwika ndi 138 ya requote sindinena, ndinkazilota usiku.

Chomwe ndinaphunzira mochedwa n'chakuti mu loboti yanga mbali yosankha pogula ndi pogulitsa ndi mizere mwina makumi asanu, yotsala yonse, mazana angapo, ndi yofunsa kuti kodi zomwe ndikuganiza kuti ndili nazo ndili nazodi. Yosasangalatsa kulemba, komanso mu strategy tester, moyesera loboti pa mitengo yakale, siioneka phindu lake chifukwa mmenemo seva imayankha nthawi zonse ngati wantchito wabwino.

Wophunzira_01:
Pepani akuluakulu ndilowereko, ine ndangoyamba kumene. Magic number yomwe mukunenayi ndi chiyani kwenikweni? Ine ndimalemba dzina la loboti mu comment ya oda, si chimodzimodzi?

Chiphadzuwa_pips:
@Wophunzira_01 funso labwino achimwene, musachite manyazi. Magic number ndi nambala yomwe loboti imadinda pa oda iliyonse yomwe yatumiza, kuti ikayang'ana pa akaunti idziwe kuti awa ndi anga, awa ndi a loboti ina, awa mwini wake watsegula pamanja, poti a pamanja amakhala ndi ziro. Comment musaidalire, seva ikhoza kuisintha kapena kuwonjezerapo zake, mwachitsanzo oda ikatsekedwa ndi stop loss kapena mukatseka theka lokha, komanso ndi yaifupi, mukalemba zambiri imadulidwa. Ine ndinazionera ndekha, loboti yanga inkasaka mawu ake mu comment, nditatseka theka la position pamanja comment inasintha, loboti n'kuona ngati yatsala yopanda kanthu, n'kutsegula ina. Sizinandipweteke kwambiri koma ndinasiya tsiku lomwelo.

@Kadzidzi88 ine chomwe chandiopsa pa nkhani yanu si maoda anayiwo, ndi zoti atatu anagona usiku wonse opanda stop loss. Bwanji simutumiza stop loss pamodzi ndi oda yomweyo? Zikanakhala choncho mukanaluza 200 osati 410, ndipo chachikulu n'chakuti stop loss ikakhala pa seva imagwira ntchito ngakhale kompyuta yanu itazima. Anthu ambiri sadziwanso kuti trailing stop ya mu MetaTrader, stop loss yomwe imatsatira mtengo, siikhala pa seva, imayendetsedwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta yanu, mukatseka pulogalamuyo imaima pomwe inafika. Chimodzimodzi ma stop obisika aja omwe ena amakonda, akuti broker asaone pomwe ndaika, chabwino sakuonadi, koma intaneti ikaduka palibenso amene akuona, ngakhale inu.

Yanga ndinaipanga kuti masekondi khumi aliwonse iziyendera ma position onse okhala ndi magic yake, ikapeza wina wopanda stop loss imuikire pompo, ikalephera katatu imutseke n'kunditumizira uthenga pa foni. Sizifuna kudziwa kuti position imeneyo inabwera bwanji.

Kadzidzi88:
Achemwali mwandigwira pamenepo. Poyamba ndinkatumiza pamodzi, koma nthawi zina inkakanidwa ndi 10016, ndiye ndinaona penapake kuti njira yake ndi kulowa kaye kenako n'kuika stop loss pambuyo, ndinasintha, 10016 inasowa, ine n'kudziona ngati katswiri. Sindinafufuze kuti imakanidwa chifukwa chiyani. Panopa ndikuyang'ana log yakale ndikuona kuti ma 10016 onse anali a nthawi yomweyi, 00:00 kapena 00:01.

Mlonda_wa_Seva:
Eya ndiye zonse zikulumikizana. Ma broker ambiri a MetaTrader amaika wotchi ya seva kuti 00:00 igwirizane ndi 5 koloko madzulo ku New York, ndi chifukwa chake mumaona GMT+2 nyengo ina, GMT+3 nyengo ina. Imeneyo ndi nthawi ya rollover, tsiku la malonda likutha, swap, chiwongoladzanja cha ma position ogona usiku, ikuwerengedwa pa akaunti zonse, mabanki omwe amapereka mitengo ambiri amabwerera m'mbuyo kwa kanthawi, spread imafufuma, ena amaimitsa malonda kwa mphindi zingapo. Ndi nthawi yoipitsitsa pa tsiku lonse yotumizira oda, ndipo loboti yanu mwaiuza kuti izigogoda pakhomo nthawi yomweyo tsiku lililonse. Siginolo iwerengeni pa 00:00 ngati mukufuna, koma oda idikire, kaya mphindi 15 kaya 30, ndipo iyambe yaona spread, ikakhala yoposa malire omwe mwaika isalowe. Pa njira yogwiritsa kandulo ya tsiku lonse theka la ola silikuphani. Lachitatu usiku samalaninso, swap ya ndalama zambiri imawerengedwa katatu kuphimba Loweruka ndi Lamlungu.

A Nyalugwe, demo imathamanga chifukwa oda yake siipita kulikonse, seva imangolemba m'buku kuti zatheka. Sindikukana kuti ma broker achinyengo alipo, alipo ndithu, koma kusiyana kwa demo ndi akaunti yeniyeni pakokha si umboni.

Gologolo:
Mwatchula wotchi ya seva mwandikumbutsa chilonda changa kkkk. Ndinali ndi loboti yolowa msika wa London ukamatsegula, ndinalemba ola lake ngati nambala yokhazikika, inayenda bwino miyezi, kufika Malichi inayamba kulowa ola lolakwika ine osadziwa, ndinkangoona kuti yayamba kuluza mopusa. America imasintha mawotchi Lamlungu lachiwiri la Malichi, ku Ulaya amasintha Lamlungu lomaliza la Malichi, ndiye pakatipo pali masabata awiri kapena atatu omwe New York yasuntha koma London sinasunthe, ndipo seva ya broker wanga inkatsatira America. Chakumapeto kwa chaka zimachitikanso, Ulaya amabwerera Lamlungu lomaliza la Okutobala, America Lamlungu loyamba la Novembala, sabata imodzi ya chisokonezo. Chopweteka n'chakuti mu backtest, poyesa loboti pa mitengo yakale, zimenezi zimabisala, data yomwe ndinatsitsa kwina inali pa GMT yeniyeni, ya broker ili pa wotchi yake, zotsatira ziwiri zosiyana pa loboti imodzi, ndinatha mausiku ndikusaka cholakwika mu masamu pamene vuto linali wotchi.

Ndipo a Nyalugwe musanawauze anzanu kuti asamuke, kusamuka nako kuli ndi zake. Uku EURUSD, uko EURUSD.m, kwina golide ndi XAUUSD kwina GOLD, loboti yolembedwa dzina pamtima imangokhala phee osachita kanthu, osadandaulanso.

Kafadala_py:
Ine ndinachoka ku MQL ndinapita ku Python ndikuganiza kuti ndathawa mavuto, ndinangosintha mayina awo. Phukusi la MetaTrader5 la Python limafuna Windows ndipo pulogalamu ya MT5 iyenera kukhala yotsegula pambali, ndiye ndinasankha broker wokhala ndi API yakeyake, khomo lomwe pulogalamu yako imalankhulira ndi seva mwachindunji. Kumeneko timeout ndi yomweyo, umatumiza oda pa HTTP, yankho osabwera, uli pomwe ali a Kadzidzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ma API ambiri amakulola kuipatsa oda nambala yakoyako usanaitumize, client order ID. Ukabwereza ndi nambala yomweyo seva yabwino imati iyi ndili nayo kale, siitsegula yachiwiri, komanso ukhoza kufunsa kuti oda ya nambala yakutiyakuti ili pati. Si zatsopano, FIX yomwe mabanki ndi makampani akuluakulu amalankhulirana inayamba 1992 ndipo ili ndi malo ake a zimenezi, ClOrdID, tag 11. Koma yesani kaye pa akaunti yoyeserera, tumizani kawiri dala muone, poti ena amangoletsa kubwereza pamene oda yoyamba idakali yotsegula, ikachitidwa nambala ija imamasuka.

Chinthu china, nambalayo ilembeni pa disiki musanatumize, osati mutatumiza. Pulogalamu ikafa pakati, podzuka imawerenga kuti ndinali ndikutumiza yakutiyakuti, imafunsa kaye seva. Yanga inafapo chifukwa Windows ya pa VPS, kompyuta yobwereka pa intaneti yomwe loboti imakhalapo, inadziyambitsanso yokha usiku itatsitsa ma update, podzuka inayamba ngati mwana wobadwa kumene, osakumbuka kuti ili ndi position.

Ndiye pali nambala 429 ya pa HTTP, ukafunsa seva pafupipafupi imakutsekera pakhomo kwa kanthawi, ndipo imakonda kubwera pomwe msika ukuthamanga, nthawi yomwe ukufunitsitsa kutseka. Ndinachepetsa zofunsa mitengo kuti ndisiye mpata wa maoda.

Wophunzira_01:
Eee ndiye zambiritu. Ine ndimaganiza kuti ukangopeza njira yowina basi loboti imagwira yokha iwe uli mtulo.

Agogo_a_MT4:
Mwana wanga tulo timagona ndithu koma foni ili pambali kkkk. Ndipo a Kadzidzi musadzione ngati chitsiru, zomwe zakuchitikirani zinagwetsapo kampani yonse. Pa 1 Ogasiti 2012 Knight Capital, yomwe inali imodzi mwa makampani aakulu ochita malonda a masheya ku America, inaika code yatsopano pa maseva ake asanu ndi atatu, koma imodzi inaiwalika. Pa seva imeneyo panali code yakale yotchedwa Power Peg yomwe inasiya kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo koma osachotsedwa, ndipo chizindikiro chomwe chinkaidzutsa anachigwiritsanso ntchito pa zatsopanozo. Msika wa New York utatsegula code yakale ija inadzuka n'kuyamba kutumiza maoda, ndipo mbali yowerenga kuti zomwe ndimafuna zakwana inali itasunthidwa kale, ndiye inkangotumiza osaleka. Mphindi pafupifupi 45, malonda mamiliyoni, kampani inalengeza kuti yaluza madola pafupifupi 440 miliyoni, ndipo chaka chotsatira SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, inawalipiritsanso 12 miliyoni. Taonani matenda ake, makina akutumiza osadziwa kuti zomwe anatumiza kale zatheka. Ndi omwewo anu, kungoti loboti yanu munaiuza kuti ilekere pa kasanu. Mukanalemba kuti izibwereza mpaka itapambana, ndipo seva ikanakhala chete mphindi khumi, bwenzi tikukamba za akaunti yonse.

Nyalugwe_fx:
Chabwino ndagonja pa nkhani ya code, koma zoti stop loss ya pa seva ndi mpulumutsi musanamize ana. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland itachotsa malire a 1.20 pa EURCHF, yuro ndi ndalama ya ku Switzerland, mtengo unagwa ngati mwala, panalibe wogula, ma stop loss anachitidwa kutali kwambiri ndi pomwe anthu anaika, ena anatsala ndi ngongole kwa broker pamwamba potaya zonse. Ma broker nawo anapsa, Alpari UK inagwa, FXCM inachita kubwereka madola 300 miliyoni kwa kampani ya Leucadia kuti ipulumuke. Stop loss ndi pempho loti munditulutse pa mtengo womwe ulipo, ngati palibe mtengo mudikira. Ndiye ine ndimasunga kwa broker ndalama zochepa zokwanira margin ndi kampata, zina zili kwina, kaya mundinene kuti ndine wokayikira aliyense.

Chiphadzuwa_pips:
Apa ndiye mwalankhula zanzeru a Nyalugwe, lero lokha kkkk. Zoona stop loss siilonjeza mtengo, Lolemba msika ukatsegula ndi gap, mtengo utalumpha, zimaonekanso. Komabe kukhala nayo ndi kusakhala nayo ndi zinthu ziwiri, a Kadzidzi sanakumane ndi Switzerland, anakumana ndi ma pip 60 oyenda pang'onopang'ono usiku wonse popanda wowaimitsa.

Ine ndili ndi kapulogalamu kachiwiri komwe sikachita malonda ayi, ntchito yake ndi kulondera basi, ndipo kali pa makina ena osati VPS yomwe pali loboti, poti mlonda wogona chipinda chimodzi ndi wakuba sathandiza. Kamaona zinthu zitatu, ma lot onse otsegula akaposa malire, equity, ndalama za pa akaunti kuphatikiza phindu kapena kuluza kwa ma position otsegula, ikatsika kuposa zomwe ndalola pa tsiku, kapena loboti ikakhala mphindi zisanu osatumiza kachizindikiro koti ndili moyo. Ziwiri zoyambazo kamatseka zonse n'kundiimbira alamu, chachitatucho kamangondidzutsa. Kanandidzutsapo kawiri pachabe, ndinakwiya, koma sindinakachotse.

Gologolo:
Achemwali kakatseka zonse loboti ija siitsegulanso? Poti kwa iyo siginolo idakalipo.

Chiphadzuwa_pips:
Inatsegulanso tsiku loyamba lomwe ndinayesa pa demo, awiriwo anayamba kulimbana, uyu kutseka uyu kutsegula, spread yokha ikudyeka kkkk. Panopa loboti payokha ili ndi lamulo loti ikaona position yake yatsekedwa ndi wina osati stop loss kapena take profit, isachitenso kanthu mpaka ine nditaidzutsa pamanja.

Kadzidzi88:
Ndabweranso abale. A support ayankha, atumiza log ya mbali yawo, maoda anayi onse anafika ndipo anachitidwa mochedwa, yoyamba inakhala pamzere nthawi yaitali ndithu, akuti inali nthawi ya rollover ndipo sabweza kanthu. Ndawayankha kuti bwanji osangokana oda m'malo moisunga, sindikuyembekeza zambiri. A Nyalugwe dzina sinditchula, mbali yaikulu ndi yanga.

Zomwe ndasintha usiku wathawu, oda ikudikira mpaka 00:30 ndipo ikuona spread kaye, stop loss ikupita pamodzi ndi oda, kubwereza kwatsala pa 10004 pokha, ikalandira 10012 kapena 10031 ikulemba mu global variable kuti pali oda yosadziwika ndipo siitumiza china chilichonse mpaka nkhani imeneyo itatha. Ndawonjezeranso kuyendera ma position opanda stop loss monga ananenera achemwali. Ndiye ndinafuna kuona ndi maso, ndinaiika pa demo pa laputopu, ndinaikakamiza kutumiza oda, chala china chili pa batani la Wi-Fi, kudina n'kuzimitsa nthawi yomweyo. Kasanu koyamba ndinkachedwa kapena kufulumira, kachisanu ndi chimodzi ndinaigwira pakati penipeni, log inaonetsa kuti yankho silinabwere, nditayatsa Wi-Fi position inali pomwepo pa seva ndi stop loss yake, loboti inaipeza ndi magic number n'kuitenga osatumiza ina. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Miyezi itatu ya demo ija sindinayesepo zimenezi ngakhale kamodzi, ndinkangoyang'ana phindu likukwera.

Mlonda_wa_Seva:
Mwagwira ntchito achimwene. Kabowo kamodzi katsala, mwayesa pomwe oda inachitidwa kale yankho n'kutayika, koma zanu zija zinali zoti oda idakali pamzere. Loboti ikafunsa pa sekondi yachisanu ipeza palibe kanthu, iganiza kuti inatayika, itumize ina, kenako yoyamba ija n'kutulukira. Ndiye ikapeza palibe isakhulupirire msanga, ifunsenso kangapo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo kunena zoona pa loboti ya kandulo ya tsiku ine ndikanangoti siginolo ya lero yapita, tionana mawa. Global variable ija muziikakamizanso kulembedwa pa disiki ndi GlobalVariablesFlush, apo ayi makina akazima mwadzidzidzi ikhoza kutayika. Komanso onani ngati akaunti yanu ndi ya hedging, pomwe oda iliyonse imaima payokha, kapena netting, pomwe onse amaphatikizidwa kukhala position imodzi, MT5 inayamba ndi netting yokha, hedging inabwera 2016. Yanu ndi hedging poti munaona ma position osiyana, koma tsiku lina mukadzasamukira pa netting maoda anayi aja adzaoneka ngati position imodzi ya 0.80, ndiye kuwerenga kuti ma position ndi angati sikudzakuuzani kanthu, muziwerenga ma lot.

Kadzidzi88:
Ndasankha zoti siginolo ipite, kuphonya tsiku limodzi kuli bwino. Ikhala pa demo masabata awiri ndikuizimitsira Wi-Fi, kenako ndibwerera ndi 0.05.

Wophunzira_01:
Akuluakulu musanabalalike, ndayesa kuika yanga pa demo ya broker wina ikungolemba 10030 pa oda iliyonse, kwa woyamba uja imayenda bwinobwino, sindinasinthe kalikonse.

Kafadala_py:
Imeneyo ndi filling mode achimwene, lamulo la momwe oda imadzazidwira, mwalemba pamtima FOK, yoti oda ichitidwe yonse kapena ayi, pamene ndalama zomwe mukuchitazo kwa broker watsopanoyo mwina zimalola IOC yokha, yoti ichitidwe mbali yomwe ilipo yotsala ifafanizidwe. Loboti ifunse SYMBOL_FILLING_MODE isanatumize n'kusankha yomwe ikuloledwa. Ikani mizere yomwe mukudzaza oda ija pano tione.